Makalata a Banja Azigona Kuti? Tisankhe Pakati pa POP ndi IMAP

Aliyense amene anaikapo pulogalamu yowerengera maimelo pakompyuta ya pakhomo, monga Thunderbird kapena Outlook, anakumanapo ndi kafunso kooneka ngati kopanda ntchito. Tikangolemba dzina, adiresi ya imelo ndi pasiwedi, pulogalamuyo imafuna kudziwa ngati tikufuna POP kapena IMAP. Anthu ambiri amangodina pamene pawayandikira n'kupitirira, poganiza kuti zimenezo n'za akatswiri. Komatu yankho la funso limeneli ndi limene limagamula kumene makalata a banja azikhala, amene angathe kuwaona, komanso ngati tidzawapeze tsiku limene kompyuta idzafe kapena foni idzabedwe.

Masiku ano m'bokosi la imelo mumakhala zinthu zimene makolo athu ankasunga m'sutikesi kunsi kwa bedi. Muli malisiti a fizi ya ana, zotsatira za ku chipatala, makalata a ntchito, masitetimenti a ku banki, zithunzi za zidzukulu zochokera kwa ana athu amene ali kunja, ndipo kwa ena a ife mulinso makalata a mpingo. Zinthu zotere sitingazisiye m'manja mwa mwayi. Tiyeni ulendo uno tiione nkhaniyi mofatsa, pakuti safunsa anadya phula.

Mmene kalata imayendera

Imelo ikatumizidwa sifikira pakompyuta pathu mwachindunji. Imayamba yafika pakompyuta yaikulu ya kampani imene tinatsegulako akaunti, kaya ndi Google, Microsoft, Yahoo kapena kuntchito kwathu. Kompyuta yaikuluyo imatchedwa seva, ndipo imakhala choyaka usana ndi usiku. Ntchito yonyamula kalata kuchoka kwa wotumiza kukafika pa seva imagwiridwa ndi njira yotchedwa SMTP, imene Jon Postel analemba mu 1982. Imeneyo sitisankha, chifukwa tonse timatumizira yomweyo. Chimene timasankha ndi mmene kalata imene yafika pa seva ija ingafikire m'maso mwathu.

Ambirife tinakula tikulandirira makalata pa bokosi la ku positi ofesi la sukulu, la mpingo kapena la kuntchito kwa bambo. Seva ili ngati bokosi limenelo. POP ili ngati mwana amene timamutuma ndi kiyi. Amatsegula bokosi, n'kuwola zonse zimene wapezamo, n'kubwera nazo kunyumba, bokosilo n'kutsala lopanda kanthu. IMAP ili ngati positi ofesi yatibwereka chipinda cha mashelefu. Makalata amakhala komweko, ndipo aliyense wa pabanja amene ali ndi kiyi amalowa n'kuwerenga. Wina akasunthira kalata pa shelefu ina, tonse timakaipeza pamenepo. Wina akaing'amba, yang'ambika kwa tonse.

Amene amawerenga maimelo potsegula tsamba la Gmail kapena Outlook pa intaneti, kapena pa pulogalamu ya Gmail ya pafoni ndi adiresi ya Gmail, sakumana nalo funsoli. Limabwera pamene tikufuna kuti pulogalamu ina ya pakompyuta kapena ya pafoni izititengera makalata.

POP: kubwera nawo kunyumba

Dzina lakuti POP likuimira Post Office Protocol. Njirayi inalembedwa koyamba mu 1984 ndi Joyce Reynolds. Mtundu wake wachitatu, POP3, unatuluka mu 1988, ndipo malamulo ake amene tikugwiritsa ntchito lero ndi a mu 1996. Inakula m'masiku amene anthu ankalumikiza intaneti kudzera pa waya wa lamya, munthu ali ndi kompyuta imodzi yokha, ndipo malo pa seva anali ochepa. Nzeru yake inali yakuti ulumikize, utenge makalata msanga, udule, ukawerengere pambali.

Ubwino wake ulipo mpaka lero. Kalata ikatsika ndi yathu, ili m'nyumba mwathu. Netiweki ikavuta timawerengabe. Kampani ikatseka akaunti, zimene tinatsitsa kale sizipita nayo. Ndipo ngati pulogalamu ikufufuta makalata pa seva ikatha kuwatsitsa, bokosi la kumeneko silidzaza.

Koma zovuta zake n'zazikulu kwa banja la masiku ano. POP imangodziwa bokosi limodzi lofikira makalata. Mafoda amene tapanga pakompyuta, monga la sukulu kapena la chipatala, amakhala pakompyuta pomwepo, ndipo foni siwaona. Kalata imene tawerenga kale pakompyuta imaonekabe ngati yatsopano kwina. Zimene tatumiza zimatsala pa chipangizo chimene tinatumizira, kupatula ku makampani ngati Gmail amene amasunga okha kope la zotumizidwa. Kalata yeniyeni ikagwera mwangozi m'foda ya zinyalala ya pa seva, POP siitenga, ndipo tikhoza kumadikira yankho la ntchito limene linafika kalekale.

Choopsa kwambiri n'chakuti makalata akachotsedwa pa seva, kope limatsala limodzi lokha. Kompyuta ikaonongeka ndi mphenzi, ikabedwa, kapena mwana akaithira madzi, zaka zonse za makalata zapita. Mabanja amene nyumba zawo zinakokoloka ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 akudziwa kuti madzi sasankha pakati pa pepala ndi kompyuta. Pa tsoka lotere chopulumuka ndi chimene chinali ndi kope kwina.

N'chifukwa chake mapulogalamu ambiri ali ndi pamene timachonga kuti POP izisiya kope pa seva. Mu Thunderbird ndi mu Outlook nthawi zambiri timapeza pataikidwa kale kuti kopelo likhale masiku 14, kenako lichotsedwe. Masiku amenewa tikhoza kuwasintha kapena kuwachotseratu. Gmail ili ndi pake posankhira zimene zizichitika kalata ikatengedwa ndi POP: ikhalebe m'bokosi, iikidwe chizindikiro chakuti yawerengedwa, isungidwe pambali, kapena ifufutidwe. Tisanayambe kutsitsa, tiyambe taona chimene chasankhidwa pamenepo.

IMAP: kuwasiya komweko

IMAP inapangidwa ndi Mark Crispin pa yunivesite ya Stanford ku America mu 1986. Dzina lake lonse lero ndi Internet Message Access Protocol. Mtundu umene uli ponseponse unalembedwa mu 2003, ndipo wina watsopano unatuluka mu 2021. Crispin ankaganizira munthu amene amawerenga makalata ake pa makina angapo, ndipo moyo umenewo ndi umene tili nawo tsopano. Bambo ali ndi foni, mayi ali ndi yawo, pabalaza pali laputopu, ndipo nthawi zina timatsegula imelo kuntchito.

Ndi IMAP nkhokwe yeniyeni ndi seva. Chipangizo chilichonse chimangoonetsa zimene zili kumeneko. Tikawerenga kalata pafoni, pakompyuta imaoneka kuti yawerengedwa. Tikapanga foda ya malisiti a chakhumi, imaoneka ponse. Zimene tatumiza, ngakhale zimene tinayamba kulemba osamaliza, timazipeza paliponse. Foni ikabedwa m'minibasi timadandaula foniyo, koma makalata ali bwinobwino. Tikagula ina n'kulowa mu akaunti, zonse zimabwerera.

Koma walira mvula walira matope. Mphamvu yomweyo yogwirizanitsa zipangizo ndi imene imafalitsa ngozi. Mdzukulu akamaseweretsa foni ya agogo n'kufufuta foda, kompyuta ya kunyumba ikangolumikizidwa imamvera n'kufufutanso. Ku Gmail zofufutidwa zimakhala m'foda ya Trash masiku 30 okha, kenako zimapitiratu. Anthu ambiri amaganiza kuti poti makalata akuoneka pa zipangizo zitatu ndiye kuti ali ndi makope atatu. Ayi ndithu. Munthu akaima pakati pa magalasi atatu amaoneka katatu, koma ndi mmodzi yemweyo. Akachoka, magalasi onse amatsala opanda kanthu.

Vuto lachiwiri ndi malo. Akaunti yaulere ya Google ili ndi malo okwana 15 GB, ndipo malowa amagawana Gmail, Google Drive ndi Google Photos. Foni imene imatumiza yokha zithunzi ndi mavidiyo a ukwati kapena a msonkhano wa misasa ikhoza kuwadzaza mosayembekezera. Malo akatha, makalata atsopano salowa, amabwerera kwa owatumiza, mwini wake osadziwa. Akaunti yaulere ya iCloud ili ndi 5 GB yokha, ndipo iCloud silola n'komwe POP, imangogwira ndi IMAP.

Vuto lachitatu n'lakuti chipinda cha mashelefu chija n'chobwereka. Kuyambira mu Disembala 2023, Google ili ndi lamulo lakuti akaunti ya munthu imene yakhala zaka 2 osagwiritsidwa ntchito ikhoza kufufutidwa pamodzi ndi zonse zili m'menemo. Adiresi ya kuntchito kapena ya ku koleji imatsekedwa tikachokako. Munthu woipa akaba pasiwedi akhoza kusesa bokosi lonse. Pa zonsezi, IMAP payokha situteteza.

Za bandulo ndi magetsi

Kwa ife amene timagula intaneti ya mabandulo, funso la ndalama silingalephere kubwera. Kalata ya mawu okhaokha ndi yaing'ono kwambiri, moti mazana a makalata otere sangafanane ndi vidiyo imodzi. Chimene chimadya bandulo ndi zomata pa kalata. Chithunzi chimodzi cha pafoni chimatha kukhala mamegabaiti angapo, ndipo Gmail imalola kumata zinthu zofika 25 MB pa kalata imodzi.

POP mwachizolowezi imatsitsa kalata yonse ndi zomata zake, kaya tikuifuna kapena ayi, koma imatsitsa kamodzi kokha. IMAP ikhoza kuyamba yationetsa mitu ndi mayina a otumiza, ife n'kusankha yoti titsegule. Apa pali msampha umodzi. Thunderbird ikalumikizidwa koyamba ndi IMAP imayesa kukopera makalata onse a m'mafoda onse kuti tizitha kuwawerenga popanda netiweki. Ngati akaunti yathu ili ndi katundu wokwana 6 GB, ndiye kuti bandulo ya 6 GB ili pangozi tsiku lomwelo. Choncho kulumikiza koyamba tikuchitire pamene pali intaneti yokwanira, kapena tilowe msanga m'makonzedwe a akauntiyo pa gawo lotchedwa Synchronization & Storage n'kuuza pulogalamuyo kuti izikopera a masiku 30 apitawa okha ndipo isamatsitse yokha makalata aakulu.

Pa tsamba lomwelo, m'munsi mwake, pali malo ena oti makalata akale azifufutidwa kuti malo apezeke. Amenewo tisawakhudze. Pa akaunti ya IMAP amafufuta ndi za pa seva zomwe. Malo awiriwa amaoneka ofanana, koma ena amachepetsa zokopera pamene enawo amaononga zenizeni.

Nanga magetsi akazima kapena netiweki ikasowa? Kale anthu ankati pamenepa POP ndiye mfumu. Lero kusiyana kwachepa, chifukwa pulogalamu ya IMAP imasunganso kope la zimene yakopera. Tikhoza kuwerenga ndi kulemba mayankho laputopu ikuyendera batire, ndipo netiweki ikabwera amatumizidwa.

Ngozi yosakaniza ziwirizi

M'mabanja ambiri makalata amasowa osati chifukwa chosankha njira yoipa, koma chifukwa chosakaniza ziwiri mosadziwa. Taganizani za nyumba imene kompyuta yakale ya pabalaza inaikidwa POP zaka zapitazo, pamene mafoni ali pa IMAP. Kalata ya ku sukulu ikufika Lolemba, mayi akuiona pafoni. Madzulo mwana akuyatsa kompyuta, POP ikutsitsa kalatayo. Pakatha masabata awiri kompyutayo ikuuza seva kuti ichotse kope lake. Tsiku lokalipira fizi mayi akufufuza pafoni ali pamzere ku banki, kalata palibe. Kunyumba kukuyamba kulozana zala, pamene palibe munthu amene wafufuta kanthu. Kalatayo ili phee pakompyuta ya pabalaza.

Mankhwala ake ndi apafupi. Ngati pa adiresi imodzi pali chipangizo cha POP ndi zina za IMAP, pa cha POP tichonge kuti chizisiya makalata pa seva, ndipo tichotse malire a masiku. Tikatero kompyutayo imasanduka nkhokwe yabwino ya makalata obwera, popanda kulanda mafoni.

Tisankhe iti?

Kwa mabanja ambiri, ife tikuti IMAP. Aliyense amene amawerenga imelo pa zipangizo zoposa chimodzi, kapena amene amagwiritsa ntchito adiresi imodzi ndi mnzake wa pabanja, adzapeza mtendere ndi IMAP. Mwamuna ndi mkazi amaona limodzi kuti kalata ya landilodi yayankhidwa, ndipo sayankha kawiri mosemphana.

IMAP ndi yoyeneranso pa ntchito za mpingo. Maudindo athu amasankhidwa pa chaka kapena pa zaka ziwiri, ndipo mlembi kapena msungichuma wa lero si wa mawa. Makalata osamutsira mamembala, malipoti opita ku ofesi yaikulu ndi makalata a komiti ndi katundu wa mpingo. Akatsitsidwa ndi POP n'kukhala pa laputopu ya munthu mmodzi, tsiku limene munthuyo adzasamuke kapena kumwalira mbiri ya mpingo idzapita naye. Ndi bwino mpingo ukhale ndi adiresi yakeyake pa IMAP, ndipo posinthana maudindo pasiwedi isinthidwe n'kuperekedwa kwa wolowa m'malo, wotulukayo n'kuchotsa akauntiyo pa zipangizo zake. Izi zimachitira ulemu onse awiri, komanso abale ndi alongo amene nkhani zawo zili m'makalatamo.

POP idakali ndi malo ake. Imathandiza munthu amene ali ndi kompyuta imodzi yokha ndipo safuna imelo pafoni. Imathandiza amene adiresi yake ili ndi malo ochepa kwambiri pa seva, monga ena a mabizinesi ang'onoang'ono. Imathandizanso amene akudziwa kuti adiresi yake itsekedwa posachedwa ndipo akufuna kukokera kwawo makalata ake, ngakhale kuti pa adiresi ya kuntchito tiyenera kuyamba tapempha chilolezo, chifukwa makalata a ntchito ndi a olemba ntchito. Koma wosankha POP wadzisenzetsa udindo wokopera makalata ake kwina nthawi ndi nthawi. Amene akudziwa mumtima kuti sadzachita zimenezo asaisankhe.

Pali nkhaninso ya chinsinsi. Kaya ndi POP kaya ndi IMAP, pulogalamu ya pakompyuta imatsegula makalata popanda kufunsanso pasiwedi. Pa kompyuta imene ana amachitirapo za kusukulu ndipo alendo amabwerekapo, zotsatira za ku chipatala kapena nkhani ya m'bale amene akuthandizidwa ndi akulu a mpingo zikhoza kuonedwa ndi maso osayenera. Aliyense akhale ndi khomo lakelake lolowera pakompyutapo, lokhala ndi pasiwedi yake.

Manambala ofunika poika

Mapulogalamu a masiku ano amadzipezera okha makonzedwe a makampani odziwika, koma ndi bwino kudziwa zoyenera kuoneka. Njira iliyonse ili ndi nambala ya khomo lake pa seva, lotchedwa port. IMAP yotetezedwa imadzera pa 993, ndipo POP yotetezedwa imadzera pa 995. Potumiza timagwiritsa ntchito 465 kapena 587. Manambala akale, 143 ya IMAP ndi 110 ya POP, amayamba kulankhulana ndi seva popanda kubisa, ndipo ngati chitetezo sichinaikidwe pasiwedi imayenda poyera. Pamene pakufunsa za chitetezo tisankhe SSL/TLS, kapena STARTTLS ngati tikutumizira pa 587. Kwa a Gmail, maseva ake ndi imap.gmail.com, pop.gmail.com ndi smtp.gmail.com. POP ya Gmail imafuna kuti tiyambe taiyatsa m'makonzedwe a pa tsamba la Gmail, ndipo a Outlook.com aonenso m'makonzedwe awo ngati njira imene akufunayo yaloledwa.

Ena amadabwa kuti pulogalamu yakale ikukana pasiwedi yolondola. Chifukwa chake n'chakuti Google inasiya mu 2022 kulola mapulogalamu kulowa mu akaunti za anthu ndi pasiwedi wamba yokha, ndipo Microsoft inachitanso chimodzimodzi pa Outlook.com mu Seputembala 2024. Tsopano pulogalamu yabwino imatsegula kawindo ka kampaniyo, ife n'kulowera mmenemo n'kuvomereza. Pulogalamu imene singathe kuchita zimenezi ndi yofunika kuisintha. Thunderbird ndi yaulere, ndipo kuyambira mu 2024 ilinso pa mafoni a Android.

Tiyatsenso chitetezo chachiwiri, chimene chimafuna nambala yobwera pafoni kuwonjezera pa pasiwedi. Nambala imeneyo sitiuza munthu aliyense, ngakhale woimba foni atanena kuti ndi wa ku kampani kapena wa ku banki. Ndipo tikasintha nambala ya foni, tikumbukire kuisinthanso mu akaunti, kuopa kudzitsekera kunja kwa nyumba yathu yomwe.

Amene akufuna kuchoka pa POP kupita pa IMAP asathamangire kuchotsa akaunti yakale. Ayambe awonjezera yatsopanoyo pambali, akopere makalata akale ku Local Folders mu Thunderbird kapena ku mafoda a IMAP, atsimikize kuti afikadi, kenako achotse yakale. Mu Outlook ya pakompyuta makalata a POP amakhala m'fayilo yothera ndi .pst, ndipo fayilo imeneyo ndi yofunika kuikopera pa fulashi tisanakhudze china chilichonse.

Nkhokwe yachiwiri

Yosefe ku Igupto anasunga tirigu m'zaka za zokolola zambiri, njala isanaoneke n'komwe. Ukapitawo umene timaphunzitsana sukhudza ndalama ndi nthawi zokha. Umakhudzanso mapepala amene banja lingadzawafune pa tsiku lovuta. Choncho njira iliyonse imene tasankha, pakhale kope lachiwiri limene silimvera seva ndiponso silidalira kompyuta imodzi.

Wa IMAP angachite izi m'njira ziwiri. Akhoza kukopera makalata ofunika ku Local Folders, amene amakhala pakompyuta pokha ndipo safufutika seva ikafufuta. A Gmail akhozanso kugwiritsa ntchito Google Takeout, imene imamanga makalata onse m'fayilo ya mtundu wa MBOX yoti Thunderbird ingathe kuitsegula. Wa POP azikopera makalata ake pa fulashi kapena pa disiki yapadera. Kamodzi pa miyezi itatu n'kokwanira kwa mabanja ambiri, ndipo n'kosavuta kukumbukira ngati tikulumikiza ndi kutha kwa kota ya Sukulu ya Sabata: Lamulungu lotsatira Sabata la 13 likhale tsiku lokopera. Fulashiyo isamagone m'chikwama chimodzi ndi laputopu. Ndipo mapepala ochepa amene kutayika kwake kungatigwetse m'mavuto, monga a malo, a penshoni ndi a inshuwalansi, tiwasindikize n'kuwaika m'sutikesi ija. Nzeru ya makolo sinathe ntchito.

Tiganizirenso za otsala. Amayi ambiri amasiye ndi ana amasiye amavutika kupeza mapepala chifukwa zonse zinali mu akaunti imene mwini wake yekha ankadziwa kutsegula. Okwatirana akambirane kumene angapeze pasiwedi pa tsiku la tsoka. Google ili ndi gawo lotchedwa Inactive Account Manager, pamene munthu amatchuliratu wokhulupirika amene adzapatsidwe mwayi wotenga zinthu zake akaunti ikakhala nthawi yaitali osatsegulidwa. Kukonzeratu zotere si kuitana imfa. Ndi chikondi kwa amene adzatsale.

Kalata idikire, ife tipume

Pali chinthu chimodzi chimene POP yakale inkachita bwino mosadziwa. Munthu ankapita yekha kukatenga makalata pa nthawi imene wasankha. IMAP ili ndi njira yakuti seva iziuza chipangizo nthawi yomweyo kalata ikangofika, ndipo Thunderbird imabweranso itaikidwa kuti izifunsa pa mphindi 10 zilizonse. Zotsatira zake n'zakuti foni imalira pa chakudya, pa mapemphero a pabanja, ngakhale pakati pa usiku pamene thupi likufuna tulo. Tulo todukaduka sititsitsimutsa, ndipo mwana amene akulankhula ndi kholo loyang'ana pafoni amadziwa kuti sakumvedwa.

Zonsezi zili m'manja mwathu kusintha. Tikhoza kuzimitsa kulira kwa imelo, kutalikitsa nthawi yofunsira, kapena kuuza pulogalamu kuti izitenga makalata pokhapokha ife tadina. Kuona imelo kawiri kapena katatu pa tsiku n'kokwanira pa nkhani zambiri za pakhomo. Wa nkhani yamwadzidzidzi amaimba foni.

Ndipo Lachisanu, pamene tikusita zovala ndi kumaliza kuphika, titsekenso pulogalamu ya imelo dzuwa lisanalowe. Palibe chimene chingatayike. Seva imalandira makalata kaya kompyuta yathu ndi yoyaka kaya yozima, ndipo amatidikira bwinobwino mpaka Sabata litatuluka. Kalata ya ngongole kapena ya kuntchito ikawerengedwa Lachisanu usiku singayankhidwe n'komwe, imangotibera mtendere wa tsiku lopatulika.

Choncho Lamulungu likubwerali tipatule ola limodzi. Tione pa chipangizo chilichonse cha m'nyumba ngati chili pa POP kapena pa IMAP. Pamene pali POP, titsimikize kuti ikusiya kope pa seva. Tione malo amene atsala mu akaunti, tikopere makalata ofunika pa fulashi, ndipo tiuze mnzathu wa pabanja kumene taika. Amene zimenezi zikuwavuta apemphe mmodzi wa achinyamata a mumpingo akhale nawo pambali, koma pasiwedi alembe okha ndi dzanja lawo.